Chenjezo kwa makolo a ku Machinga ndi Balaka: musagulitse munda pogula pepala

Makolo a ku Machinga ndi Balaka, eni mbumba, mafumu, mashehe, abusa ndi ansembe, komanso inu anyamata ndi atsikana amene mwangoona kumene zotsatira za Fomu 4: musapereke ndalama kwa munthu aliyense wolonjeza digiri, dipuloma, malo a ku yunivesite kapena satifiketi ya MSCE musanafunse ku mabungwe a boma oyang'anira maphunziro. Musagulitse munda, dimba, mbuzi kapena njinga yamoto chifukwa cha mawu a pa foni. Musatenge katapila. Ngati mwayamba kale kulipira, taimani kaye mwezi uno, mufufuze, mudzapitirize mutadziwa chimene mukugula.

Nkhaniyi ndi yachangu chifukwa cha nyengo imene tili. Zotsatira za MSCE zimatuluka nandolo atangogulitsidwa, ndalama za thonje ndi mpunga zisanathe, a banki m'khonde akuwerengera zogawana, mvula isanagwe. Ndi nthawi yokhayo pa chaka imene banja la ku Ntaja, ku Nselema, ku Ulongwe kapena ku Phalula limagwira ndalama yooneka ndi maso. Akathyali amaidziwa kalendala imeneyi kuposa mlangizi wa zaulimi. Ndalama imene akuilondalonda ndi yomwe ija munasungira feteleza ndi mbewu, ndiye mukabetsa mwabetsa pawiri: mwana alibe pepala lenileni, pofika February nkhokwe ili pululu.

Katundu weniweni amene anthu amenewa akugulitsa ndi mantha. Takhala tikuuzidwa m'makalasi, pa maguwa ndi pa misonkhano ya ndale kuti mwana wosavala gauni watha basi, moti kholo likaona kuti dzina la mwana wake palibe pa mndandanda wa osankhidwa, mtima umaima, nzeru n'kubalalika. Koma tawerengani bwino. Mu 2023 ana amene analemba MSCE anaposa 150,000, ndipo okhoza anangopitirira theka pang'ono. Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Onsewa pamodzi satenga ngakhale mwana mmodzi mwa ana 10 aliwonse olemba mayesowo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka, ndipo palibe yunivesite ya boma imene likulu lake lili m'maboma awiriwa. Zikanakhala zoona kuti wopanda digiri alibe tsogolo, bwenzi pa Liwonde palibe nyumba yamalata, pa Mangochi Turn-off palibe golosale, bwenzi matumba a mpunga wa ku Chilwa akusowa owakweza pa lole.

Chenjerani kwambiri ndi koleji ya chikwangwani. Imabwereka zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo, kapena kalasi ya pulaimale Loweruka, n'kupachika nsalu yolembedwa dzina lalitali la Chingerezi, n'kumalengeza kuti ili pa ubale ndi yunivesite ina ya ku London kapena ku America imene palibe anaionapo. Imalandira aliyense wobwera ndi ndalama ya fomu, ngakhale amene Chingerezi chinamukana. Pamenepa pokha mpofunika kudzidzimuka. Digiri ya m'dziko muno imafuna makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kwa wochokera ku Fomu 4 imatenga zaka 4 kapena kuposerapo. Munthu wokuuzani kuti mwana wa makirediti atatu avala gauni ya digiri pakutha pa chaka ndi theka akukunamizani dzuwa likuswa mtengo.

Wopereka chilolezo kwa mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo lili ku Lilongwe. Ntchito yake ili pawiri, ndipo ambiri amapusitsidwira pamenepa. Poyamba sukulu imalembetsedwa, kutanthauza kuti yaloledwa kutsegula zitseko. Kenaka akatswiri amabwera kudzaona aphunzitsi ndi mapepala awo, mabuku, zipangizo ndi zimene zikuphunzitsidwa, ndipo akakhutira ndi pamene amavomereza. Kuvomerezako sikukhala kwa chisawawa: amavomereza maphunziro amodziamodzi, pamalo akutiakuti, kwa nthawi yakutiyakuti. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka kuphunzitsa za bizinesi ku Blantyre koma yosavomerezeka kuphunzitsa za umoyo, ndipo nthambi imene yatsegula kuseri kwa msika wa kwanuko ikhoza kukhala yosadziwika n'komwe ku NCHE. Akakuonetsani pepala la m'felemu lopachikidwa pakhoma, liwerengeni. Kawirikawiri limakhala chiphaso cha bizinesi kapena cha khonsolo, chofanana ndi cha mwini chigayo, ndipo sichinena kanthu za maphunziro.

Musaganize kuti zoterezi zimagwera tisukulu ta kuseri tokha. Mu 2016 NCHE inatulutsa zotsatira za kauniuni wake, ndipo mayunivesite ena omwe si aboma, odziwika bwino, okhala ndi nyumba zooneka ndi malonda a pa wailesi, sanavomerezedwe. Ophunzira amene anali atalipira fizi zaka zingapo anasowa pogwira. Ena mwa masukuluwo anakonza zolakwika n'kudzavomerezedwa pambuyo pake, ndiye chifukwa chake mndandanda wa chaka chatha si wodalira, funani watsopano. NCHE imautulutsa m'manyuzipepala ndi pa tsamba lake la pa intaneti. Ngati kwanu netiweki ndi yovuta, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sekondale imene mwana analembera, kapena ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lanu, mukapemphe kuti akuonereni dzina la sukuluyo, dzina la maphunzirowo ndi malo ake. Ulendo wa kabaza umodzi sungafanane ndi fizi ya zaka zitatu. Safunsa anadya phula.

Pa za umoyo pali chipata china chimene anthu amachiiwala. Namwino ndi mzamba sagwira ntchito ndi dipuloma yokha. Amayenera kulemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi kuti alandire chiphaso, ndipo bungwelo silimulembetsa munthu wochokera ku sukulu imene silikuidziwa. Madokotala ndi othandizira madokotala ali ndi lawo, la Medical Council of Malawi. Mwana wanu akhoza kuvala yunifolomu yoyera zaka zitatu, kujambulitsa zithunzi zokoma, koma pa chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka sadzaloledwa kugwira jakisoni. Sukulu zenizeni za unamwino zilipo, ngakhale kufupi konkuno, monga St Luke's ku Malosa ndi nthambi ya Malawi College of Health Sciences ku Zomba, ndipo kulowa kwake ndi kwa mpikisano chifukwa choti ndi zenizeni.

Mwambo wovala magauni usakukopeni. Gauni amabwereka, holo amachita lendi, mlendo wolemekezeka amaitanidwa ndi kalata ndipo nthawi zambiri safufuza kumene akupita. Ndinene pano kuti akuluakulu ena ndi amene akuononga ana athu pa nkhaniyi. Munthu akangopeza ndalama kapena mpingo wake ukakula, mawa lake timamva kuti ndi Dokotala, digiri yaulemu atailandira mu hotela kuchokera ku sukulu yosadziwika kumene ili. Mwana akaona zotere amaphunzira kuti pepala ndi chovala chogula pa msika.

Za satifiketi yogula sindipita nazo kutali, chifukwa zinachitikira pakhomo pathu pomwe, kwa munthu amene Balaka akumulirabe. Malemu Lucius Banda, Soja, anabadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola kwa Mfumu Yaikulu Nsamala. Anakulira mu Alleluya Band, gulu limene linayamba mu 1978 pa parishi ya Balaka m'nthawi ya Bambo Mario Pacifici, ndipo zoimba anaziphunzira m'manja mwa mkulu wake, Paul Banda. Pofika 2004, pamene anthu a kumpoto kwa Balaka anamusankha kukhala phungu wawo, munthuyu anali atafika kale pamene ambiri a madigiri safika: zimbale zake zili m'nyumba iliyonse, gulu lake la Zembani likudzaza maholo, oimba ambirimbiri atadzera m'manja mwake, anthu akudya chifukwa cha iye. Zonsezi anazipeza alibe digiri.

Chinamugwetsa ndi pepala limodzi. Mu August 2006 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito satifiketi ya MSCE yachinyengo, ndipo linagamula kuti akakhale kundende miyezi 21. Mpando wa uphungu unapita. Anatuluka ku ndende ya Zomba mu November chaka chomwecho atachita apilo. Ambiri ankati mlanduwo unali wandale, poti iye ndi amene anabweretsa m'Nyumba ya Malamulo nkhani ya ndondomeko yochotsera Pulezidenti Bingu wa Mutharika pampando, ndipo mwina sankalakwitsa. Komatu omufunawo sanatuluke thukuta posaka pomugwirira. Pepala lija linali chikhalire m'faelo, kudikira tsiku limene mwini wake adzakhumudwitse munthu wamphamvu. Sindikufukula nkhaniyi pofuna kunyoza malemu, amene anatisiya pa 30 June 2024. Iye mwini sanaibise, ndipo anthu a kwawo anamubwezera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, zimene zikuonetsa kuti chimene ankamukondera sichinali pepalalo. Ndikuikumbutsa kwa mnyamata amene wauzidwa kuti pali mkulu wina ku Zomba kapena ku Limbe wodinda satifiketi ya mapointi abwino pa mtengo wakuti. Soja anali ndi dzina, maloya ndi dziko lonse lomumvera chisoni. Iwe udzakhala ndi ndani?

Bungwe la MANEB ku Zomba limasunga zotsatira za aliyense amene analembapo mayeso ake, ndipo olemba ntchito amatumiza mapepala kumeneko kuti akatsimikizidwe. Ena amagwidwa pa tsiku la intavyu. Ena amagwidwa atagwira ntchito zaka zambiri, atakwatira, ana ali pa sukulu, penshoni ikununkhira, ndipo amataya zonse tsiku limodzi n'kukagona m'chitokosi. Kupanga pepala labodza ndi mlandu, kulipereka ukudziwa kuti ndi labodza ndi mlandunso. Likasa, mapepala a mayeso obedwa, nalo ndi chimodzimodzi. Mu November 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa dziko lonse chifukwa mapepala anabedwa n'kumayenda pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, anakalembanso mu January 2021. Wogulitsa likasa wa pa WhatsApp akalandira ndalama amatseka nambala, ndipo mwana amalowa m'chipinda cha mayeso ataloweza mayankho a mafunso amene kulibe.

Ndiye pali a pa foni. Amaimba ndi mawu aulemu, amadziwa dzina la mwana ndi sukulu imene analembera, amati dzinalo latsala pang'ono kulowa pa mndandanda wachiwiri, chofunika n'kutumiza kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba lero lomwe dzuwa lisanalowe. Mawu akuti "lero lomwe" ndiwo chizindikiro. Kusankhira ana ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa ndi NCHE pamodzi ndi mayunivesitewo, mwana amafunsira yekha malo pa mafomu odziwika, ndipo maina amatuluka poyera kuti aliyense aone. Ngongole ya fizi imachokera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linayamba mu 2015, ndipo silituma dobadoba m'midzi. Palibe ofesi ya boma imene imalandira ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Zomwezi zikuchitika ndi ntchito. Chiyambire kumveka mbiri ya mgodi wa Kangankunde ndi fakitale ya simenti ku Balaka, nkhani ya mafomu a ntchito ili m'kamwam'kamwa. Fomu ya ntchito sagula. Wina akakuuzani kuti ali ndi m'bale wake ku ofesi ya olemba ntchito, muuzeni kuti mupitire limodzi ku ofesi ya zantchito ya boma lanu, muone ngati afike.

Olonjeza sukulu yaulere kapena ntchito kunja ndiye oopsa kuposa onse, chifukwa satenga ndalama zokha, amatenga munthu. Amayi ndi atsikana a ku Malawi ambirimbiri anakathera ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti, kugwiritsidwa ntchito ya ukapolo m'nyumba za anthu, mpaka boma ndi mabungwe kuchita kulowererapo kuti ena abwerere. Mwana wamkazi akauzidwa kuti tikiti, pasipoti ndi zonse alipira ndi "ejenti", funsani kuti ejentiyo adzabweza bwanji ndalama zake.

Tsono ndisanamveke molakwa. Kunena kuti digiri si khomo lokhalo sikutanthauza kuti sukulu ndi yosafunika, ndipo kwathu kuno bodza lachiwirili lapweteka anthu ambiri kuposa loyamba lija. Timalimva pa bawo, pa siteji ya njinga ndi m'maminibasi: kuti a madigiri akungoyenda ndi maenvelopu, kuti uje sanafike Sitandade 8 koma wamanga nyumba ya matailosi ndi ndalama za ku Joni, ndiye kuvutikiranji. Mbali ina ndi yoona. Omaliza ku yunivesite ambiri akusowadi ntchito, mpaka boma linayambitsa mu 2018 ndondomeko yowatenga kuti azikaphunzira ntchito m'maofesi ake kwa kanthawi. Aphunzitsi otuluka m'makoleji a boma, kuphatikizapo Machinga TTC pa Liwonde pomwepa, akhala akudikira zaka asanatumizidwe ku masukulu. Mu November 2023 tinaona achinyamata akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili m'kati. Palibe angakane zimenezi.

Koma wowerenga nyumba za a ku Joni amawerenga za obwera ndi katundu okha. Sawerenga amene anasiyidwa ndi transipota pa Tete kapena pa Beitbridge, amene anakhala miyezi ku Lindela kudikira kuthamangitsidwa, amene anabwera pa mabasi ali chimanjamanja alendo ataukiridwa ku Joniko mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, kapena amene mudzi unachita kusonkherana kuti thupi lawo libwere. Ndipo ngakhale ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town komweko, amene amakhazikika ndi amene anapita ndi kanthu m'manja: telala, wowotcherera, mmisiri wa nyumba, amene amatha kuwerenga pepala la mgwirizano asanasaine. Wopita ndi mphamvu zokha amakhala wa maganyu, ndipo tsiku limene wadwala ndiye kuti malipiro aima.

Achinyamata okonda kutchula Bill Gates ndi Mark Zuckerberg adziwe kuti awiriwa anasiyira sukulu ku Harvard, atalowa kale, akuchokera m'mabanja opeza bwino. Wathu William Kamkwamba wa ku Kasungu anasiya sekondale chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, osati mwakufuna; makina ake a mphepo anawapanga powerenga mabuku a mu laibulale, ndipo mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi mpaka kutenga digiri ku Dartmouth College mu 2014.

Atsikana ndiye akulipira mtengo waukulu wa bodza limeneli. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ku Machinga atsikana 4 mwa 10 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Kholo likangokhulupirira kuti mwana amene safika ku yunivesite sukulu yake ndi yotaya, limaona ngati Fomu 2 ndi Fomu 4 n'chimodzimodzi, ndiye foni ndi zitenje zochokera ku Joni zikafika, mbeta imaulutsidwa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ankhoswe oyendetsa ukwati wotere adziwe kuti nawonso ali m'mlandu. Pulaimale yaulere inabwera mu 1994 ndi Bakili Muluzi, mwana wa ku Kapoloma ku Ntaja konkuno. N'zochititsa manyazi kuti kwawo kwa mwini nkhaniyo n'kumene ana akutuluka m'kalasi asanadziwe kulemba kalata.

MSCE ndiyo musalole kuti mwana aiphonye. Popanda iyo sangalowe usilikali, upolisi, uphunzitsi, kapena maphunziro a boma a ntchito zamanja a zaka zingapo. Amene sanakhoze bwino akhoza kubwereza, masana kapena ku sukulu ya madzulo, ndipo chaka chimodzi chobwereza n'chotchipa kuposa dipuloma yopanda mwini. Amene ali ndi makirediti okwanira koma sanasankhidwe akhoza kufunsiranso, kapena kuyesa maphunziro a patali amene mayunivesite a boma amapereka, munthu akuphunzira ali kwawo. Mzuni ili ndi malo otere pa Balaka. Ndipo mwana amene mutu wake ndi wa udokotala, wa uinjiniya kapena wa zamalamulo, amene wapezadi malo enieni, mumuthandize ndi mtima wonse, ngakhale mbuzi zipite. Ntchito zimenezo zilibe njira yachidule, ndipo palibe wa ife angafune kung'ambidwa pamimba ndi munthu wophunzirira kuseri kwa sitolo. Chimene ndikukana n'kugulitsa munda chifukwa cha digiri iliyonse, ya kulikonse, bola anthu a m'mudzi aone gauni.

Njira ya luso ilipo, ngakhale timaipeputsa ngati ya olephera. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limatenga achinyamata chaka ndi chaka kupita ku makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba, Soche ku Limbe ndi Salima. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a m'madera, ndipo ku Balaka kuli Khwisa. Kulinso sukulu ya luso ya Andiamo pa Balaka pomwepo. Kumeneku amaphunzitsa zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera, zamagetsi, zamipope, umakaniko ndi kusoka. Mmisiri amene anaphunzirira pa galaja ya amalume ake kapena pa shedi ya kalipentala, ndipo ntchito akuidziwa koma alibe pepala, akhoza kukayesedwa pa zimene amadziwazo n'kulandira satifiketi yeniyeni ya dzina lake. Koma apanso funsani: sukulu ya luso yomwe si yaboma iyenera kukhala yolembetsedwa ku TEVETA, ndipo ngati ikuphunzitsa kuwotcherera pa bolodi ndi choko, makina osaoneka, tulukanimo.

Tayang'anani zimene zatizungulira. Njanji yochokera ku Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi ikunyamula malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Nkhalango ya Liwonde, chiitengereni a African Parks mu 2015, ikufuna alonda a nyama, operekeza alendo, ophika ndi okonza magalimoto. Njinga zamoto zadzaza misewu ya ku Nsanama, ku Chikweo ndi ku Utale, ndipo iliyonse imafuna wokonza. Sola ili pa madenga ndi m'madimba, ikaonongeka anthu akuchita kuitanitsa mmisiri ku Zomba kapena ku Blantyre. Ntchito zimenezi zikabwera, olemba amafunsa satifiketi ya luso, ndipo ikasowa kwathu kuno amabweretsa anthu a kutali, ife n'kutsala tikudandaula kuti ana athu akungopatsidwa zokumba ngalande. Sindikuti luso ndi chuma cha pompopompo. Zipangizo zakwera mtengo koopsa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, magetsi amazimazima, makasitomala amakonda ngongole, ndipo mmisiri wosasunga mawu ake amatha msanga ngakhale manja ake ali abwino. Koma ndalama imene ikanapita ku koleji ya chikwangwani chaka chimodzi ikhoza kugula makina osokera kapena bokosi la masipanala, zinthu zoti zikavuta mukhoza kuzigulitsanso. Pepala labodza simungaligulitse kwa wina aliyense.

Inu olemba ntchito, a masitolo akuluakulu, mabungwe ndi makhonsolo, muli ndi gawo lanu pa msika wa mapepalawu. Mukamafuna digiri pa ntchito yolemba malisiti kapena yowerenga matumba mu nyumba yosungira katundu, mukukankhira ana kwa odinda mapepala. Yesani munthu pa ntchito imene mukumufunira.

Amene mwalipira kale ndipo mwayamba kukayika, musachite manyazi, chifukwa manyazi anu ndiwo akuteteza mbavazo. Sungani malisiti, mauthenga a pa foni ndi nambala imene munatumizako ndalama, musafufute kanthu. Pitani ku sukuluko ndi munthu wina wodziwa kuwerenga Chingerezi, mukapemphe kalata ya NCHE, ya TEVETA kapena ya bungwe la anamwino yotchula maphunziro enieni amene mwana akuchita ndi malo amene akuphunzirira. Akayamba kuzungulira, akati kalatayo ili ku likulu, kapena akati zonse zili m'njira, lekani kulipira tsiku lomwelo. Kanenani ku polisi ya Liwonde, ya Ntaja, ya Balaka kapena ya Ulongwe, dziwitsani kampani ya foni za nambalayo, ndipo lemberani bungwe loyenera kuti lidziwe. Ngati wopempha ndalamayo ndi wogwira ntchito m'boma, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Bureau. Amene muli ndi satifiketi yogula m'chikwama ndipo simunaiperekebe kulikonse, musaipereke. Kalembetseni mayeso a chaka chamawa.

A Shehe, lengezani izi Lachisanu ikatha swala. Abusa ndi Abambo, zinenedwe pa zolengeza za Loweruka ndi Lamulungu. Amayi a banki m'khonde, mnzanu akabwera kudzatenga ngongole ya fizi ya koleji, mufunseni dzina la kolejiyo ndipo wina wa foni ya intaneti aione pa mndandanda ndalama isanatuluke m'bokosi. Atsibweni, munda ndi wa mbumba yonse, si wa mwana mmodzi. Adzukulu ena aja adzalima pati? Ndipo inu mafumu athu, kwa Kawinga, kwa Liwonde, kwa Nyambi, kwa Sitola, kwa Nsamala, kwa Kalembo ndi konse, munthu akabwera ndi kalata yogulitsa malo kuti alipirire mwana sukulu, musathamangire chidindo. Muuzeni abwere ndi kalata yoitana mwanayo ku sukuluko pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu wa sekondale yapafupi, muiwerengere limodzi pabwalo.